Camry ya 2008: ndigule kapena ndiyang'ane ina?

Bambo a Tadala: Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani yofuna anthu odziwa magalimoto. Ka Vitz kathu katichepera. Ana ndi atatu tsopano, wamkulu watalika kundiposa, ndipo tikamachokera kumudzi ku Ntcheu thumba la kachewere limakhala pamiyendo pa mayi awo mpaka kufika ku Area 25. Ndakhala ndikufufuza pa intaneti magalimoto a ku Japan ndipo maso anga agwera pa Toyota Camry ya 2008, injini 2.4, yoyera, akuti yayenda makilomita 78,000. Chandidabwitsa n'choti mtengo wake kumeneko uli pansi kuposa wa Premio ya chaka chomwecho, chonsecho Camry ndi yaikulu kutalitali. Pali chimene akubisa? Amene munayendetsapo tandiuzeni zoona, safunsa anadya phula.

Kondwani GRX: Akulu, Camry ndi galimoto ya abusa ndi ma headmaster opuma ntchito. Onjezerani pang'ono mutenge Mark X, mukaponda anthu azidziwa kuti mwadutsa.

Nabanda: Wayamba uja. Munthu akufunsa za ana atatu ndi thumba la mbatata, iwe ukuti anthu azidziwa kuti wadutsa.

A Gondwe a pa Songwe: Bambo a Tadala, palibe chobisika, ndi nkhani ya msika chabe. Ine ntchito yanga ndi yokatenga magalimoto ku Dar es Salaam, ndiye ndimaona zimene zimatsika m'sitima. Premio ndi Allion zimalimbiranidwa ndi anthu a ku Kenya, Tanzania, Bangladesh ndi Sri Lanka chifukwa injini zake ndi zazing'ono, 1.5 kapena 1.8, msonkho wake ndi wopepukirapo kulikonse. Kuonjezera apo Toyota inasiya kuzipanga mu 2021, ndiye zotsalazo aliyense akuzifuna. Camry ya 2.4 ilibe oipikisanira ambiri. Ku Japan komweko msonkho wa pachaka amawerengera kukula kwa injini, ndipo galimoto ya petulo ikadutsa zaka 13 umakweranso, ndiye mwini wake amangofuna kuichotsa pakhomo. N'chifukwa chake mukuiona yotchipa.

Koma musasangalale ndi mtengo wa pa chithunzipo. Uwo ndi wa galimoto ili chiimire ku Japan. Muikepo sitima mpaka ku Dar, ndalama za padoko, ejenti, dalaivala, mafuta a ulendo wonse kudutsa ku Mbeya mpaka pa Kasumulu, kenako MRA. Apo ndi pamene Camry imabwezera. Msonkho umakwera injini ikakula, umakweranso galimoto ikakalamba, ndipo yanuyo zonse ziwiri ili nazo. Pitani kwa ejenti akuwerengereni kaye musanatumize ngakhale dola imodzi. Ndaonapo magalimoto akugona pa boda miyezi, matayala kuphwa, eni ake akuthamangathamanga kusaka ngongole.

Bambo a Tadala: Zikomo a Gondwe. Za msonkho ndinangoyerekeza ndi wa Vitz yomwe ndinagula mu 2019, ndinaona ngati kusiyana sikungakhale kwakukulu.

A Gondwe a pa Songwe: Iwalani za 2019 achimwene. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Msonkho amawerengera pa madola osinthidwa kukhala makwacha. Ndiponso madolawo muwapeza kuti? Kubanki mudikira, pa bulaki mulira.

Che Jafali (makaniko, Biwi): Ndilowepo pa nkhani ya injini, popeza ndi imene imandidyetsa. Camry ya 2006 mpaka 2011 ya ku Japan, chesisi yake imayamba ndi ACV40, injini yake ndi 2AZ-FE. Injini imeneyi ndimaidziwa ngati chikhatho changa chifukwa ndi yomweyo ili mu RAV4, Harrier, Alphard, Estima ndi Ipsum za 2.4. Ubwino wake woyamba ndi umenewo: masipeya a injini simudzasowa, pano pa Biwi kapena ku Limbe alipo. Ili ndi tcheni, osati lamba, ndiye palibe zosintha timing belt. Giyabokosi yake ndi otomatiki wamba ya magiya asanu, si CVT (ija yoyendera lamba m'malo mwa magiya), ndipo imapirira kwambiri mukamaithira oyilo wake woyenera, uja wolembedwa WS.

Tsopano chilema chake. Ma 2AZ ena a zaka zimenezi amadya oyilo. Vuto lili pa mapistoni ndi maring'i: timabowo tobwezera oyilo timatsekeka ndi mwaye, maring'i amamatirira, oyilo n'kumapsa limodzi ndi petulo. Si mphekesera za pa galaja, ku America Toyota inavomereza yokha ndipo inkasintha mapistoni ndi maring'i pa ma Camry a 2007 mpaka 2009 omwe apezeka ndi vutoli. Choopsa n'chakuti nthawi zambiri utsi suoneka kwenikweni ndipo pansi sipadontha kanthu. Munthu amangoyenda, kudikira tsiku la sevisi, osadziwa kuti sampu, mosungira oyilo pansi pa injini, yauma. Tsiku lina pa Linthipe injini igogoda, basi yatha.

Si zonse zili choncho. Zilipo zomwe zadutsa 300,000 osatsegulidwa. Koma pa chithunzi cha pa intaneti simungadziwe kuti yanuyo ili mbali iti. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Bambo a Tadala: Eee Che Jafali, mwandiopseza. Ikakhala yodya oyilo, mankhwala ake n'chiyani?

Che Jafali (makaniko, Biwi): Njira ndi ziwiri. Yoyamba, kukhala nayo choncho: Loweruka lililonse m'mawa kusolola kachitsulo koyezera oyilo, botolo la lita imodzi lizikhala m'buti. Anthu ambiri akuyenda motero zaka ndi zaka. Yachiwiri, kuitsegula n'kuika mapistoni ndi maring'i atsopano. Zoti muthire oyilo wolemera wa 20W-50 kuti isiye kudya, amenewo ndi mankhwala a mutu pomwe munthu akudwala malungo. Oyilo wolemera amachedwa kufika pamwamba m'mawa ndipo VVT-i, yemwe amasintha nthawi yotsegukira mavavu, sagwirizana naye.

Kondwani GRX: Mwaona? Ndinanena ine. V6 ya Mark X ilibe zimenezo.

Che Jafali (makaniko, Biwi): Mwana wanga Kondwani, khala pansi. Injini ya 4GR-FSE ya Mark X yako imapopera petulo molunjika mu silinda, ndiye mavavu olowetsa mpweya satsukidwa ndi mafuta, amadzaza mwaye. Mapulagi ndi asanu ndi limodzi, makoyilo asanu ndi limodzi, ndipo kuti ufike mbali ina uyenera kuchotsa zinthu pamwamba. Ndi galimoto yokoma, sindikukana, koma si yoti uziinyadira pamaso pa makaniko.

Nabanda: Komanso Mark X imakoka ndi matayala akumbuyo. Pakati pa mpando wakumbuyo pali chitunda chachikulu chodutsa shafiti. Mwana wokhala pakati mawondo amafika pachibwano. Camry kumbuyo pansi pake ndi pafupifupi pathyathyathya, ana atatu amakhala osamenyana zigongono. Ndipo nthawi ya dzinja pa matope a kumudzi, yokoka ndi kutsogolo imakwera pomwe Mark X ikuvina matako.

Kondwani GRX: Asisi mwandilakwira, koma za matopezo ndivomera. Chaka chatha anandikankha anyamata a kabaza.

Nabanda: Tsono bambo a Tadala, ine ndikufuna ndikusokonezeni pang'ono. Ndili ndi Camry ya 2012, yotsatira ya imene mukuifunayo, chesisi AVV50. Kuyambira mu 2011 ku Japan Camry ankaigulitsa ya hayibridi yokha, injini 2.5 ndi mota yamagetsi. Ndakhala nayo zaka zinayi. Ndimakhala ku Chilomoni, ntchito ku Limbe, ndiye tsiku lililonse ndimakhala pa mzere wa pa Chipembere Highway. Pa mzerepo injini imazima yokha, galimoto ikuyenda ndi batire, eyakoni ikugwira ntchito. Mapepala a ku Japan amati imapitirira makilomita 23 pa lita, zimenezo ndi za m'buku. Ine ndimapeza 16 kapena 17 m'tauni, ndipo kwa galimoto yaikulu chonchi ndi zambiri.

Nthawi ya kusowa kwa mafuta ija ndi pamene ndinaidziwa bwino. Anzanga ankagona pa filling station kawiri pa sabata, ine ndikathira kamodzi ndimaiwala. Mabuleki nawonso sakutha msanga chifukwa ukamatsika, mwachitsanzo pa Thabwa popita ku Chikwawa, mota yamagetsi ndi imene imagwira galimoto uku ikudzaza batire. Ilibe sitata, ilibe alternator, ndiye zinthu ziwiri zomwe zimavutitsa pa galimoto zakale palibe.

Zoipa zake ndinenenso. Batire yaikulu ili kuseri kwa mpando wakumbuyo, ndiye buti ndi yocheperapo kuyerekeza ndi ya 2008 yanuyo. Masutikesi awiri ndi thumba limodzi zimalowa, koma osati kusamutsa mudzi. Chachiwiri, mtima sukhala m'malo ukaganiza za tsiku lomwe batireyo idzatope.

A Kamwendo: Mayi Nabanda, pamenepo ndi pamene ine ndimakanira. Ndinaphunzitsa zaka 34, penshoni yanga ndimaidziwa kukula kwake. Galimoto yoti ikadwala ufune munthu wa kompyuta, ine ayi. Premio yanga ya 2009, 1.5, ikatsokomola ngakhale pa Kamwendo ku Mchinji mnyamata aliyense wa sipanala amaidziwa.

Nabanda: Bambo, ulemu wanu, koma Premio yanuyonso ili ndi kompyuta ndi CVT. Mnyamata wa sipanala uja akathira oyilo wa otomatiki wamba mu CVT mudzandiuza.

A Kamwendo: Apo mwalasa, mwana wanga. Oyilo wa giyabokosi ndimagula ndekha, ndimaima pomwepo akuthira.

Che Jafali (makaniko, Biwi): Za hayibridi ndithirepo ndemanga. Mantha achuluka kuposa vuto lenileni. Ma Aqua, Prius, Axio ndi Fielder za hayibridi zadzaza m'tauni muno, ndiye anyamata odziwa kuyeza maselo ndi kusintha ofooka alipo ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Chimene chimapha batire kuno ndi kutentha ndi fumbi. Ili ndi kafani koiziziritsa kamene kamakoka mpweya m'kati mwa galimoto, pafupi ndi mpando wakumbuyo. Kakadzaza fumbi, kapena ana akatseka pakamwa pake ndi chitenje kapena chikwama, batire imaphika. Muzikatsukitsa kamodzi pachaka. Musaisiyenso miyezi itatu osailiza. Ndipo mawaya a mtundu wa lalanje asawagwire munthu wongophunzira, muli mavoliti opitirira 200, si zoseweretsa.

Giya yake anthu amaitcha CVT koma mulibe lamba ngati wa Premio kapena Teana, muli magiya achitsulo ndi mamota awiri amagetsi. Sindinaionepo itafa yokha. Chodula china pa galimoto imeneyi ndi pampu ya mabuleki, ija imalira kuti zzzz mukatsegula chitseko. Ikamalira pafupipafupi osapuma, konzekani.

Bambo a Tadala: Ndayang'ana mitengo ya AVV50. Ndi pafupifupi kawiri ya 2008 ija. Thumba langa silifika, ngakhale nditagulitsa Vitz ndi njinga yomwe.

Nabanda: Sakaninso dzina loti Daihatsu Altis. Ndi Camry yomweyo, anangosintha chizindikiro kutsogolo. Popeza anthu saidziwa, nthawi zina imatsikirapo mtengo.

A Gondwe a pa Songwe: Zoona zimenezo, ndinabweretsapo imodzi. Wapolisi wa pa rodibuloko anaizungulira kawiri akuyang'ana mapepala, akuti bwanji Camry yalembedwa Daihatsu.

Mayi Phiri ku Leeds: Ndikuwerenga ndili pa break ya usiku. Kuno ku UK Camry ndi yosowa. Inabwerera mu 2019 patatha zaka zambiri kulibe, ya hayibridi, koma pofika kumapeto kwa 2021 anaichotsanso chifukwa anthu akungogula ma SUV. Avensis, yomwe inkapangidwa konkuno ku Burnaston, inatha mu 2018. Mlamu wanga ku Texas ndiye amati kumeneko Camry ili ngati minibasi za ku Ndirande, paliponse ilipo, ndipo yatsopano ya 2025 ndi hayibridi yokhayokha. Koma za ku America chiwongolero chili kumanzere, musayerekeze.

A Gondwe a pa Songwe: Ku Japan nakonso anasiya kuigulitsa kumapeto kwa 2023. Mark X inatha mu 2019, Premio mu 2021. Magalimoto a buti akutha kumene timagulako. Zaka khumi zikubwerazi ana athu azidzasankha pakati pa ma SUV ndi timagalimoto ta bokosi.

Wongani: Funso la wophunzira: bwanji osagula yatsopano kwa dila, ya waranti, n'kupuma zonsezi?

Kondwani GRX: Aise, uli ku Malawi konkuno?

Mayi Phiri ku Leeds: Musamuseke, funso ndi labwino. Amene ali ndi ngongole ya kuntchito kapena kampani ikumugulira, yatsopano ili ndi phindu lake: ukudziwa mbiri yake kuyambira pa ziro, ndipo ikavuta uli ndi pokadandaula. Kungoti mtengo umagwa kwambiri zaka zitatu zoyamba, ndiye wogula wachiwiri ndi amene amadya bwino. Kwa amene angathe, ndinganene Camry ya kuyambira 2017, chesisi AXVH70. Imeneyo batire anaisamutsira pansi pa mpando, buti inabwerera kukula kwake, ndipo pokhota siyendanso ngati bwato. Ndinakwerapo ya taxi ku Manchester.

A Kamwendo: Tibwerere kwa mwini funso. Bambo a Tadala, mwati kwanu ndi ku Ntcheu. Kuchoka pa tala mpaka pakhomo pa apongozi ndi mtunda wautali bwanji, ndipo msewu wake ndi wotani?

Bambo a Tadala: Timapatuka tikangodutsa pa Lizulu, makilomita ngati 12 a fumbi. Pali kamtsinje kamodzi kopanda mlatho, ndi malo awiri a miyala. Vitz imadutsa ndikatsitsa anthu.

A Kamwendo: Ndiye mvetserani. Magalimoto onsewa, Camry, Premio, Mark X, mimba yake ili masentimita 15 kapena 16 kuchoka pansi, kusiyana n'kochepa. Koma Camry ndi yaitali, mamita 4.8, ndipo mphuno yake yatalika kutsogolo kwa matayala. Potsika m'kamtsinje bampa imayamba kupsompsona nthaka matayala asanafike. Mukaikamo anthu asanu ndi matumba awiri, kumbuyo kumakhala pansi, ekizozi n'kumakhula miyala. Galimoto yaifupi imadutsa pomwe yaitali yakanirira, ngakhale msinkhu uli umodzi.

Chinanso ndi m'lifupi. Premio ndi mamita 1.695, anaipanga dala kuti ikwane m'timisewu ta ku Japan. Camry ndi 1.82. Pa M1 zimenezo ndi zokoma, mapewa samagundana. Koma m'tinjira ta m'makwalala a Area 25, kapena poimika pa msika wa ku Area 2, mudzazimva.

Che Jafali (makaniko, Biwi): Za msinkhu zili ndi pothawira pang'ono. Matayala ake ndi 215/60 R16. Mukaika 215/65 R16 imakwera pafupifupi sentimita imodzi, ndipo tayala lokhuthala limapirira maenje. Dziwani kuti wotchi ya liwiro izinama pang'ono, ikamati 80 mukhala mukupitirira, ndiye apolisi a kamera asakupezereni pomwepo. Masipesa a pa mashoko ndimaika anthu akaumirira, koma opitirira masentimita awiri amadya ma CV joint. Chimene ndimalimbikitsa ndi chitsulo chotchinga sampu. Mwala umodzi pa Lizulu ungakudyereni injini yonse.

Bambo a Tadala: Nanga mafuta a 2.4 imeneyi? Mundiuze zoona, musandinyengerere.

Alamu a Chisomo: Ndiyankhe ine, ndinali nayo ya 2007 zaka zisanu. M'tauni makilomita 8 kapena 9 pa lita, eyakoni ili yoyatsa. Pa ulendo wautali, ukamayenda 90 mpaka 100, imafika 12, mwina 13. Thanki ndi ya malita 70, ndiye kudzaza kumawawa, koma ndinkachoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre kudzera pa Zalewa n'kubwerera osathiranso. Kuchokera pa Vitz mudzaona ngati thanki yabooka, mwezi woyamba mudzakwiya. Koma kukoma kwake pa msewu, abale. M'kati muli zii, mipando ngati ya pa balaza, apongozi anga ankagona tisanafike pa Nathenje. Podutsa mathiraki pa zitunda za ku Dedza sumachita kupemphera ngati pa 1.3. Si galimoto yothamangitsana nayo pa makona, chiwongolero chake ndi chofewa, imapendama. Ndi yonyamula banja mwaulemu, basi.

Chinanso choyang'ana: dashibodi. Za zaka zimenezi zikakhala padzuwa kwambiri pamwamba pake pamayamba kunyezimira ndi kumata ngati phula. Toyota inasinthira anthu ambiri kunja. Wokhala ku Salima kapena ku Nchalo agule chophimba tsiku loyamba.

Ndinaigulitsa chifukwa cha sukulu fizi, osati chifukwa inandilakwira. Koma pogulitsapo ndi pamene ndinaona mbali ina. Inakhala miyezi inayi. Aliyense wobwera amati yokongola, akamva 2.4 amati ndikuyimbirani. Premio ya mnzanga inapita sabata imodzi.

Wongani: Nanga Mazda Atenza kapena Nissan Teana? Zimaoneka bwino kuposa Camry.

Che Jafali (makaniko, Biwi): Atenza ya petulo ya kuyambira 2012 ndi yabwino, imagwira msewu kuposa zonsezi. Ya dizilo 2.2 ija imafuna maulendo ataliatali kuti sefa ya mwaye izidziwotcha. Wa maulendo a kusukulu ndi kumsika aisiye. Teana mipando yake palibe yofanana nayo, koma CVT yake ikatopa kupeza ina yabwino ndi ntchito. Honda Accord ya 2.4 injini ndi yolimba, koma nyali kapena bampa ikasweka muitanitsa kunja. Pa Camry pomwe, za injini zilipo, za thupi monga magalasi a nyali ndi zitseko n'zosowerapo kuyerekeza ndi za Corolla.

A Gondwe a pa Songwe: Tibwerere pa 78,000 paja. Galimoto ya 2008 kuyenda pang'ono chotero ku Japan n'zotheka, anthu ambiri amakwera sitima. Koma mita imabwezedwanso. Pemphani zinthu ziwiri. Choyamba, auction sheet, pepala la ku okushoni lofotokoza mmene galimoto ilili. Pakona pali giredi: 4 kapena 4.5 ndi yabwino, 3.5 yatopako, R ndiye kuti inachitapo ngozi n'kukonzedwa. Chaka amalemba mwa kawerengedwe kawo, H20 ndiye 2008. Chachiwiri, export certificate. Pamenepo pamalembedwa makilomita omwe inali nawo pomwe inkayezedwa ndi boma maulendo awiri omaliza. Ngati pepala likuti inali pa 120,000 zaka zitatu zapitazo, lero ili pa 78,000, mwadziwa kuti mukuchita ndi ndani. Wogulitsa akamazemba kutumiza mapepala amenewa, musiyeni. Ikafika, onaninso kansalu ka pansi pa lamba wa mpando, pamalembedwa chaka chomwe lambayo anapangidwa.

Kondwani GRX: Ndipo wailesi yake imathera pa 90 FM, mabatani onse m'Chijapani. Ine mpaka lero kamayi kena kamandilankhula m'mawa uliwonse ndikaliza galimoto, sindidziwa kamati chiyani.

Nabanda: Kamakuuza tsiku ndi deti, kapena kuti khadi la pa toll gate mulibe. Za wailesizo kagule band expander, kachipangizo kothandiza kugwira masiteshoni a kuno, n'kotchipa.

Alamu a Chisomo: Maganizo anga, bambo a Tadala: popeza Camry imavuta kugulitsa kuno, inuyo khalani wopindula ndi vutolo. Sakani yomwe ili kale m'dziko muno, ya nambala, msonkho unalipidwa kalekale pa kwacha yakale. Mwini wake watopa kudikira, mukambirana. Koposa zonse mutha kuiyesa oyilo musanalipire, zomwe simungachite ndi ya pa intaneti.

Che Jafali (makaniko, Biwi): Amenewo ndiye mawu. Mukaipeza ndiitaneni. Tikaione m'mawa injini isanalizidwe, chifukwa yotentha imabisa zambiri.

Bambo a Tadala: Abale, ndabweranso patatha masabata atatu kuti ndikuuzeni mmene zathera. Ya ku Japan ija ndinaisiya. Ejenti atandiwerengera zonse, mtengo unaposa kawiri umene ndinkaganiza, ndipo wogulitsayo nditamupempha export certificate anayamba kundiuza za galimoto ina.

Tinaona ziwiri muno mu Lilongwe. Yoyamba yakuda, yonyezimira bwino, mwini wake anali ataitenthetsa kale tisanafike ngakhale tinamuuza kuti asatero. Che Jafali anatsegula pothirira oyilo, anaunika ndi foni, anapisa chala ku ekizozi, n'kungoti tiyeni tizipita. Yachiwiri ndi ya 2010, yasiliva, ya bambo ena achikulire opuma ntchito, yayenda 164,000 ndipo sanabise. Anatulutsa kabuku kolembamo sevisi iliyonse ndi bolopeni, deti ndi makilomita. Penti yapsa padenga, bampa yakutsogolo yamangidwa ndi waya mbali imodzi.

Tinagwirizana chonchi: ine ndinali ndi ulendo wa ku Blantyre ku ukwati wa mphwanga, ndiye ndinathira mafuta anga, bambowo anakwera nafe kukaona mwana wawo ku Chirimba. Tisananyamuke Che Jafali anadzaza oyilo mpaka pa chizindikiro n'kujambula. Kupita ndi kubwera, makilomita opitirira 600, oyilo watsika pang'ono kwambiri, osafika ndi kotala ya pakati pa zizindikiro ziwiri zija. Mayi a Tadala anagona kuchokera pa Dedza mpaka pa Zalewa, podzuka anangoti ndi yomweyi. Ana sanakangane ngakhale kamodzi, zomwe sizinachitikepo chibadwire.

Ndalipira dzana. Kusintha umwini ku Road Traffic ndiyamba Lolemba, COF yake ikadali ndi miyezi isanu.

Che Jafali (makaniko, Biwi): Musaiwale zomwe ndinakulemberani: mountingi ya injini ya pamwamba yang'ambika, mabuti a CV mbali ya kumanja, mabushi a kutsogolo, ndi madzi a redieta tichotse obiriwirawo tiike apinki. Pampu ya madzi ikuyamba kulira pang'ono, tiisinthe dzinja lisanafike. Chitsulo cha pansi pa sampu ndayamba kale kudula. Ndipo ngakhale yapambana mayeso, kachitsulo ka oyilo muzisololabe.

Kondwani GRX: Mwalowa mpingo wa madala, akulu. Zabwino zonse. Tikakumana pa Kanengo ndikupatsani mpata muyambe ndinu.

A Kamwendo: Mwagula bwino, chifukwa mwagula kabuku kaja. Nanga kumudzi mwakayesa?

Bambo a Tadala: Kumudzi sitinapite bambo, tidikira matayala a 65 aja. Koma vuto lapezeka pafupi kuposa pa Lizulu. Mamita 1.82 munanena aja ndinangowerenga osaganizira. Geti la kunyumba ndinamangitsa poyezera Vitz. Dzulo ndalowa magalasi onse awiri atapindidwa, Tadala akundikupizira manja kutsogolo, mayi ake kumbuyo, ndipo nditalowa chitseko changa chinakanika kutseguka chifukwa cha khoma la bafa. Ndinatulukira mbali ya pasenjala. Panopa ikugona kwa aneba. Amene akudziwa wowotcherera wabwino cha ku Area 25 kuno, wotha kusuntha nsanamira ya geti osagwetsa mpanda, andilembere ku inbox.